Dziwe la nsomba limadya dzuwa: zoti mlimi adziwe asanayambe kukumba

Mlimi amene wadzala chimanga pansi pa mtengo wa mango safunsa munthu chifukwa chake mapesi aonda n'kuchita chikasu. Amadziwa yekha kuti mthunzi wamudyera mbewu. Koma mlimi yemweyo akaganiza zokumba dziwe la nsomba, kawirikawiri amaloza pansi pa mkuyu kapena pakati pa nthochi za m'dimba, poganiza kuti nsomba zimafuna pozizira monga zichitira ng'ombe masana. Pakatha miyezi 8 akakoka ukonde amavuula tinsomba tosaposa zala zitatu. Mlandu umagwera mbewu ya nsomba, kapena madeya, kapena mnansi amene akumuganizira kuti amabwera usiku ndi mbedza. Nthawi zambiri chimene chinasowa m'dziwemo ndi kuwala.

Nkhaniyi ndi yofunika kwa mabanja a m'boma la Chifunde, kuyambira ku Mualadzi ndi ku N'sadzo mpaka kumalire a Cassacatiza. Nyanja ya Cahora Bassa ili kutali, ndipo nsomba imene imafika m'mbale nthawi zambiri ndi youma, yogula pamsika. Dziwe la pakhomo lingathe kusintha zimenezi, koma silibwera mwaulere. Kukumba dziwe la mamita 20 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi ndi makasu ndi mafosholo ndi ntchito ya banja lonse kwa masabata angapo, kutuluka kwa mawilibala a dothi oposa 1,000. Khola la mbuzi likalakwika malo limazulidwa n'kukamangidwa kwina. Dziwe silisamuka.

Chakudya cha pende chimamera m'madzi

Nsomba imene imawetedwa kwambiri m'maiwe a kuno ndi pende, imene abale a ku Malawi amaitcha makumba kapena chambo. Alimi amaipatsa madeya, masamba a chinangwa, a mbatata ndi zotsala za kukhitchini. Zonsezi ndi zothandiza, koma chakudya chake chenicheni sichichokera m'manja mwa mlimi. Ndi tizomera tating'ono kwambiri toyandama m'madzi, ta mtundu umodzi ndi ndere, timene kamodzi pakokha sikaoneka ndi maso. Tikachuluka ndi pamene madzi amasanduka obiriwira. Pende imasefa tizomerati m'kamwa mwake tsiku lonse, ndipo imadyanso tizilombo ting'onoting'ono timene timakhalira tizomera tomweto.

Tizomerati timafuna zinthu ziwiri zimene chimanga chimafunanso: manyowa ndi dzuwa. Mlimi akathira zitosi za nkhuku kapena ndowe m'dziwe sakudyetsa nsomba mwachindunji, akuthira munda umene uli m'madzi. Ndipo monga mmene feteleza sapindula m'munda wa pamthunzi, manyowa othiridwa m'dziwe lopanda dzuwa amangomira n'kuwola pansi, madzi n'kuyamba kununkha.

Pali chinanso. Tizomerati tikamapanga chakudya padzuwa timatulutsa mpweya wa okosijeni, umene nsomba zimapuma. M'dziwe la madzi odikha, mpweya wochuluka umachokera kwa tizomerati, osati ku mphepo. Choncho dzuwa limapatsa nsomba chakudya, mpweya ndi kutentha nthawi imodzi.

Anthu amene amagula dzuwa m'sitolo

Kuti timvetse kufunika kwa kuwala m'madzi, ndi bwino kuona anthu amene alibe dzuwa la ulere. M'mizinda ya ku Ulaya, ku America ndi ku Asia muli anthu amene amaweta zamoyo za m'nyanja ya mchere m'mabokosi a galasi m'nyumba zawo. Chovuta kwambiri kuweta ndi korali. Poiona imakhala ngati mwala wa nthambi kapena chitsamba chouma, koma ndi gulu la tinyama timene timamanga matanthwe pansi pa nyanja. Dziko la Mozambique lili ndi matanthwe otere ku zilumba za Quirimbas m'chigawo cha Cabo Delgado ndi ku Bazaruto m'chigawo cha Inhambane. M'thupi mwa tinyamati mumakhala tizomera tofanana ndi ta m'dziwe tija, ndipo gawo lalikulu la chakudya cha korali limachokera kwa tizomerato. N'chifukwa chake matanthwe amenewa amakula m'madzi oyera ndi osazama kwambiri, mmene dzuwa limafika.

Woweta korali m'nyumba amayenera kugula nyale yolowa m'malo mwa dzuwa, ndipo amafunsa mafunso atatu. Kodi kuwalako ndi kwamphamvu bwanji pofika pansi pa bokosi? Kodi ndi kwa mtundu wanji? Nanga nyale iyake maola angati? Madzi amameza kuwala kofiira m'mamita ochepa oyambirira, pamene kwa buluu kumapitirira mpaka pansi, motero nyale za korali zimapendekera ku buluu. Ambiri amaziyatsa maola 8 mpaka 12 n'kuzimitsa, chifukwa zamoyozi zimafunanso usiku. Kuwala kukachepa korali imafooka. Kukachuluka mwadzidzidzi imataya tizomera take n'kuyera mbee, ndipo ikhoza kufa. Choncho korali yatsopano amaizoloweza kuwala pang'onopang'ono, monga mmene mlimi wa fodya amachotsera udzu pa nazale pang'onopang'ono kuti mbande zikhwime zisanapite kumunda.

Mlimi wa ku Chifunde sagula nyale yoteroyo, ndipo dzuwa la kuno ndi lamphamvu kuposa nyale iliyonse ya m'sitolo. Koma mafunso atatu aja ndi akenso. Kusiyana kwake n'kwakuti iye amawayankha ndi khasu: posankha malo, posankha kuzama kwa dziwe, ndi poyang'anira mtundu wa madzi.

Mthunzi uli ndi mbali yake

Mitengo yonse yozungulira dziwe siononga mofanana. Yoipa kwambiri ndi ya kum'mawa. Usiku wonse tizomera sititulutsa mpweya, koma nsomba, tizomera tomweto ndi zinthu zowola pansi zimapitiriza kuugwiritsa ntchito. Pofika m'bandakucha mpweya umakhala utatsika kwambiri kuposa nthawi ina iliyonse. Dzuwa likangogunda madzi, mpweya umayamba kubwerera. Mtengo wautali, phiri kapena tsinde la nsungwi kum'mawa kwa dziwe limachedwetsa dzuwalo ndi maola awiri kapena atatu, pa nthawi yeniyeni imene nsomba zikubanika.

Mbali yachiwiri ndi ya kumpoto, ndipo imeneyi imapusitsa anthu ambiri. M'miyezi ya Okutobala mpaka Febuluwale dzuwa la masana limadutsa pafupifupi paliwombo, ndipo mthunzi wa mtengo umakhala pansi pake pomwepo. Koma m'miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa limapendekera kumpoto. Kuno ku Chifunde mtengo wotalika mamita 10 umaponya mthunzi wa mamita pafupifupi 8 chakum'mwera dzuwa lili pamutu, ndipo m'mawa ndi madzulo mthunziwo umatalika koposa. Dziwe la mamita 10 m'lifupi likhoza kukhala pamthunzi pafupifupi lonse m'nyengo yachisanu, pamene mwini wake anaona malowo ali poyera m'mwezi wa Novembala.

Chisanu ndi mdani wa pende. Nsombayi imakula bwino madzi akakhala pa madigiri 25 mpaka 30. Akatsika pansi pa madigiri 20 imachepetsa kudya ndipo kukula kumachepa kwambiri. M'madera okwera a kufupi ndi malire a Zambia ndi Malawi, kumene m'mawa wa Juni munthu amaothera moto, ola lililonse la dzuwa pa madzi ndi lamtengo wapatali.

Amene akufuna nthochi, nzimbe kapena mapapaya pafupi ndi dziwe, malo ake abwino ndi kum'mwera. Kumeneko mthunzi wake umagwera kunja kwa dziwe m'miyezi yozizira. Mitengo ikuluikulu ili ndi mavuto ena kuwonjezera pa mthunzi: masamba ake amagwera m'madzi n'kuwola, mizu yake imaboola khoma la dziwe, ndipo nthambi zake ndi pokhalira mbalame zodya nsomba. Izi sizitanthauza kuti mlimi agwetse mitengo ya m'mbali mwa mtsinje kapena pa kasupe. Mitengo imeneyo ndi imene imasunga madzi omwe dziwelo likudalira. Chanzeru ndi kusuntha dziwe mamita angapo n'kubweretsa madzi pa ngalande.

Kuyeza madzi ndi mkono

Dziwe likhoza kukhala pamtetete, dzuwa n'kumaswa tsiku lonse, koma kuwala osalowa m'madzi. Apa ndi pamene mlimi amafunika diso tsiku ndi tsiku.

Njira yapafupi ndi ya mkono. Dzuwa litakwera, mlimi amalowetsa mkono m'madzi chikhato chitayang'ana kumwamba. Ngati chikhato chikuzimirira madzi atafika m'chigongono, ndipo madziwo ndi obiriwira, dziwe lili bwino. Ngati chikuonekabe madzi atafika paphewa, madziwo ndi oyera mopitirira. Ngati chikusowa madzi atangopitirira pang'ono pamfundo ya dzanja, tizomera tachuluka mopyola muyeso. Akatswiri amagwiritsa ntchito kambale koyera komangidwa kuchingwe, njira imene wansembe wa ku Italy Angelo Secchi anaiyamba mu 1865. Mlimi angathe kupanga kake pokhomera chivindikiro choyera cha ndowa kunsonga ya ndodo, n'kulemba mizere pa ndodoyo. Muyeso wabwino ndi pamene chivindikirocho chikuzimirira pa masentimita 30 mpaka 40.

Madzi oyera ngati a pachitsime amasangalatsa maso, ndipo alimi ena amanyadira kuti nsomba zawo zikuoneka mpaka pansi. Kwa pende limenelo ndi dziwe la njala. Dzuwa likamafika pansi, pamamera udzu ndi ndere ya ulusi ija imene imakola ukonde n'kulanda manyowa a tizomera tofunika. Kakowa ndi nantchengwa nawonso amaona nsomba iliyonse. Chimene chimayeretsa madzi motere nthawi zambiri ndi chizolowezi chosiya madzi akulowa mbali ina n'kumatuluka mbali ina usana ndi usiku. Madzi oyenda amakokolola tizomera ndi manyowa, ndiponso amaziziritsa dziwe. Ngalande iyenera kutsegulidwa pongobwezera madzi amene aphwa. Kenaka pangodya imodzi pamangidwe kakhola ka timitengo m'madzi momwemo, mothiramo zitosi, ndowe ndi zinyalala zowola, pang'onopang'ono sabata iliyonse. Padzuwa labwino madzi amayamba kubiriwira pakatha sabata imodzi kapena ziwiri.

Madzi obiriwira kwambiri, olemera ngati phala, ali ndi ngozi yake. Tizomera ta pamwamba timaphimba ta pansi, kuwala n'kuthera m'masentimita ochepa oyambirira. Masana mpweya umachuluka pamwamba pokha, usiku tizomera tambirimbiri tija timaumaliza wonse. Ngozi imakula m'nyengo ya mvumbi, mu Januwale ndi Febuluwale, pamene mitambo imaphimba dzuwa masiku awiri kapena atatu motsatizana. Nyale ya dziwe imakhala yazima, koma pakamwa popuma sipanachepe. Tizomera tikhozanso kufa tonse nthawi imodzi, madzi n'kusanduka otuwa kapena akuda.

Chizindikiro chake chimaoneka m'bandakucha: nsomba zimadzaza pamwamba, milomo ili yasa! ngati zikumwa mphepo. Zikamira dzuwa litangotuluka, vutolo likadali laling'ono, koma ndi chenjezo. Zikakhalabe pamwamba dzuwa litakwera, kapena osathawa munthu akaomba m'manja, mlimi asadikire. Aleke manyowa, aleke madeya tsiku limenelo, atsegule ngalande kuti madzi atsopano alowe, ndipo atunge madzi a pamwamba ndi ndowa n'kumawamwaza kuti atenge mpweya. Asalowe m'dziwe n'kumavundula matope, chifukwa matopewo ndi amene amadya mpweya wotsalawo. N'chifukwa chake mlimi wa nsomba ayenera kufika padziwe kusanache. Wofika nthawi ya kadzutsa amapeza nsomba zikusambira bwinobwino ndipo sadziwa zimene zinachitika usiku, mpaka tsiku limene adzazipeze zitayandama.

Mtundu wachitatu ndi madzi ofiira a matope. Pa muyeso wa mkono chikhato chimasowa msanga ngati m'madzi obiriwira, koma muno mulibe chakudya. Dothi limatchinga dzuwa, ndipo manyowa ngakhale achuluke bwanji sabiriwitsa madzi otere. Matope amachokera m'madzi othamanga kuchokera m'minda, m'makoma opanda udzu, ku ng'ombe zomwera m'dziwe, kapena kumtsinje umene anthu akutsukiramo golide kumtunda. Kuti adziwe gwero, mlimi atunge madziwo m'botolo loonekera mkati n'kulisiya usiku wonse. Matope akadikha pansi, ndiye kuti pali chimene chikuvundula kapena kubweretsa dothi tsiku ndi tsiku, ndipo chikachotsedwa madzi adzayera okha. Akakhalabe ofiira, ndi dongo losalala kwambiri limene silimira lokha. Mitolo ya udzu wouma yoikidwa pangodya kuti iwole, kapena laimu wa m'munda, zimathandiza kulimiza. Mulingo wa laimu ndi bwino kufunsa alangizi a ku SDAE, chifukwa umatengera dothi la pamalopo. Koma mankhwala okhalitsa ndi ngalande yopatutsa madzi a mvula kumtunda kwa dziwe, kapinga pa makoma, ndi kadzenje kodikhitsira madzi asanalowe.

Namasupuni ndi zomera zina zoyandama zisaloledwe n'komwe. Zimafalikira msanga n'kuphimba madzi ngati denga.

Kuzama kwa dziwe kumalowanso pa nkhani yomweyi. Kuwala kothandiza tizomera kumafika pafupifupi kawiri pa muyeso wa chivindikiro chija, kutanthauza masentimita 60 mpaka 80 m'dziwe labwino. Dziwe losafika theka la mita limamera udzu pansi, limatentha kwambiri masana mu Okutobala, n'kuzizira kwambiri usiku mu Juni. Lozama mamita awiri kapena atatu lili ndi madzi ambiri a mumdima amene sabala kanthu. Maiwe ambiri amakumbidwa masentimita pafupifupi 80 mbali yolowera madzi, n'kutsetsereka mpaka mita imodzi ndi theka mbali yotulukira. Mbali yozamayo ndiyo mthunzi wa nsomba. Zikamva kutentha kapena zikaona mbalame zimatsikira kumeneko, ndipo sizifuna mkuyu.

Mlamba uli ndi khalidwe lina. Umakonda mdima, umadya kwambiri usiku, ndipo umatha kupuma mpweya wa kunja, motero umapirira m'madzi amene pende ingafe. Oswetsa tiana ta mlamba amatisunga pamalo a mdima chifukwa poyera timavutika n'kumalumana. Koma mlamba sudya tizomera. Woweta mlamba pamthunzi adziwe kuti chakudya chonse chidzachokera m'thumba mwake.

Nanga nyale ya usiku?

Popeza nyale za sola zafika m'midzi yambiri, ena amafunsa ngati kupachika nyale pa dziwe kungakulitse nsomba msanga. Maganizowa amachokera pa zimene anthu amaona ku Cahora Bassa, kumene mabwato a kapenta amawala usiku wonse ngati mudzi wa pamadzi. Kapenta kwawo ndi ku nyanja ya Tanganyika. Anamuthira m'nyanja ya Kariba mu 1967 ndi 1968, ndipo kuchokera kumeneko anatsika ndi Zambezi n'kudzakhazikika ku Cahora Bassa, damu limene linatsekedwa mu 1974. Asodzi amayatsa magetsi pamwamba ndi pansi pa madzi, kapenta n'kusonkhana, iwo n'kukweza ukonde. Asodzi a usipa pa nyanja ya Malawi, imene mbali ya kuno imatchedwa Niassa, amachitanso chimodzimodzi ndi nyale za pabwato. Mwezi ukakhala wathunthu nsomba zimagwidwa zochepa, chifukwa kuwala kuli ponseponse ndipo nyale ilibe chokopa.

Apa pali phunziro lake: nyale ya msodzi imasonkhanitsa nsomba zimene zilipo kale, siibala nsomba. Pa dziwe ndi chimodzimodzi. Kanyale ka sola ndi kofooka kwambiri poyerekeza ndi dzuwa, ndipo sikangameretse tizomera kapena kuwonjezera mpweya usiku. Amene dziwe lake lili pamthunzi asayembekeze kuti nyale imuwombola.

Ntchito imene nyale ingagwire ndi kuitana tizilombo touluka. Ikapachikidwa pa mtengo wopingasa pafupifupi theka la mita pamwamba pa madzi, agulugufe a usiku, tizikumbu ndi ngumbi za mvula yoyamba zimazungulira n'kugwera m'madzi, nsomba n'kupeza ndiwo ya ulere. Nyale yoyera yopendekera ku buluu imakopa tizilombo tambiri kuposa yachikasu. Maola awiri kapena atatu dzuwa litangolowa ndi okwanira, chifukwa ndi pamene tizilombo timauluka kwambiri, kenaka izimitsidwe. Batire likhale kumtunda, pouma, pakuti likagwera m'dziwe madzi ake ndi poizoni. Phindu lake ndi lapang'ono ndipo limatengera nyengo: m'miyezi yachisanu tizilombo timachepa. Pa nkhani ya akuba, nyale imaonetsa wakuba kwa mwini dziwe ngati nyumba ili pafupi, koma ngati dziwe lili kudambo kutali imangolozera wakubayo njira. Katumbu ndi ng'azi saopa nyale. Chowaletsa ndi mpanda.

Maiwe ambiri amakumbidwa anthu akamaliza kukolola, nthaka ya kudambo ikadali yofewa, ndipo imeneyi ndi nyengo yabwino yoyezera mthunzi chifukwa ndi pamene umatalika kwambiri. Asanatsitse khasu, mlimi apite pamalopo katatu tsiku limodzi la mu Juni kapena Julayi: dzuwa litangotuluka, lili pamutu, ndiponso litapendeka cha m'ma 4 koloko. Ulendo uliwonse akhome zikhomo pamene mthunzi walekezera. Dziwe likumbidwe kunja kwa zikhomozo, ndipo ngati mitengo ya pafupi ikadali yaing'ono, awonjezere mapazi angapo poganizira msinkhu umene idzafike pakatha zaka 5.